Bondo la mng'ono wanga, kochi akuti abwerere m'bwalo patangotha miyezi 5

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji abale nonse. Pepani ndikudziwa kuti gulu lino ndi la mpira wathu wa Lamulungu koma lero ndabwera ndi nkhani ya pakhomo, ndithandizeni nzeru. Ambiri mukumudziwa mng'ono wanga Dalitso, uja amasewera pakati. Novembala chaka chatha anavulala bondo pa gemu, palibe anamugunda, anangoti atembenuke ndi mpira jombo n'kukanirira mu kapinga, thupi lapita mwendo watsala. Pofika madzulo bondo linali ngati dzungu. X-ray sinaonetse kanthu, tinatha milungu itatu tikungothowa ndi madzi otentha poganiza kuti wangobinya, mpaka dokotala wina atagwira mwendo n'kuukoka anati apa pakufunika MRI (makina ojambula mitsempha ndi minofu ya m'kati), nde ndi pomwe zinadziwika kuti mtsempha wa mkati mwa bondo uja amati ACL waduka. Opaleshoni inachitika mu Malichi ku chipatala cha boma. Pano yakwana miyezi 5, akuyenda bwinobwino osatsimphina, m'mawa akumathamanga pang'ono pamsewu kuno ku Cosmo City mu Joni. Vuto ndi ili, kochi wake wamuimbira kuti mwezi wamawa kubwera anthu odzaona osewera, akuti akaphonya ulendo uno basi mwayi wapita. Mwanayu sakugona. Ine ndi amene ndinamuitanitsa kuchoka ku Balaka ndipo mayi anandiuza kuti ndimuyang'anire. Ndimulole kapena ndimukanize?

Yamikani: Achimwene muloleni asewere. Tonse tili muno mu Joni tinaona ndi maso athu za Siya Kolisi, wa rugby wa timu ya South Africa uja, anavulala bondo mu Epulo 2023 akusewerera Sharks, anamupanga opaleshoni, pofika Ogasiti anali m'bwalo kale pa gemu ya Wales ku Cardiff, mu Okutobala n'kunyamula World Cup ku Paris. Miyezi 4 yokha. Ndipo rugby ndi yogundana kuposa mpira wathuwu. Dalitso ndi mwana, zaka 20, thupi likuchira msanga, mwayi sumabwera kawiri kunja kuno

Che Jafali: Yamikani usamunamize mwana. Kolisi mtsempha wake sunaduke wonse, ankanena kuti unang'ambika mbali ina. Komanso munthu uja kumbuyo kwake kunali dziko lonse, madokotala, ma physio (akatswiri olimbitsa ziwalo zovulala), jimu, tsiku lililonse m'mawa ndi madzulo ntchito yake inali bondo basi. Dalitso amapita kwa physio kangati?

Bambo a Tadala: Kamodzi pa milungu iwiri Che Jafali, nthawi zina kamodzi pamwezi akamupatsa deti yakutali. Zina amapanga yekha kunyumba potsatira pepala lomwe anamupatsa

Che Jafali: Mwaonatu. Ine ndikuuzeni za Van Dijk poti Liverpool ndi timu yanga ndinaitsatira nkhaniyo tsiku ndi tsiku. Pickford anamuwombera mwendo mu Okutobala 2020 ku Goodison Park, sizoni yonse inathera pomwepo. Euro inabwera mu Juni 2021 iye ali kaputeni wa Netherlands, akanafuna akanadzikakamiza, koma anakana yekha kuti sindipita ndikufuna bondo lichire. Anayambanso ligi mu Ogasiti 2021, miyezi pafupifupi 10. Munthu wa ndalama zake, wa chilichonse, anasiya Euro. Nde ife tithamangitse mwana chifukwa cha anthu odzaona osewera?

Yamikani: Koma Van Dijk kontrakiti anali nayo kale madala, malipiro ankalowa ali pabedi. Dalitso akakhala palibe amamulipira, kusiyana kwake ndi kumeneko. Wolemera akhoza kudikira, ife osauka timadikira chani

Anachisale: Ndimawerenga ndili pa shifiti, ndaweruka tsopano ndilankhulepo. Ine si dokotala koma zaka 6 ndakhala ndikusamalira odwala m'nyumba kuno ku Rosettenville ndi ku Sandton, ambiri a opaleshoni ya bondo ndi chiuno, ndimawaperekeza kwa physio ndipo ndimamvetsera. Komanso ndinasewerako ntchemberembaye kwathu ndisanabwere kuno nde nkhani ya mabondo imandikhudza.

Chinthu choyamba anthu ambiri samachimvetsa. Dokotala sasoka mtsempha wodukawo ngati mmene Che Jafali amasokera thalauza. Wodukawo amauchotsa. Amatenga mtsempha wina m'thupi la munthu yemweyo, kaya kuseri kwa ntchafu kaya kutsogolo kwa bondo, amaboola fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo, n'kuulowetsa mmenemo n'kuumanga mbali zonse ziwiri. Ndiye kuti chomwe chili m'bondo mwa Dalitso pano ndi mlendo, thupi likuyenera kumulandira kaye, kumulowetsa magazi, mafupa amugwire. Miyezi yoyambirira mtsempha umenewu umayamba wafooka kaye kenako n'kumakhwima pang'onopang'ono, ndipo kuti ukhwime zenizeni zimatenga chaka kapena kupitirira. Choopsa nchoti nthawi yomwe munthu amasiya kumva ululu n'kumadziona ngati wachira ndi nthawi yomweyo mkatimo zinthu zikadali zanthete. Kuthamanga molunjika pamsewu sikuuyesa mtsempha umenewu. ACL imagwira ntchito potembenuka, poima mwadzidzidzi, potera ukadumpha. Pamsewu wa ku Cosmo City palibe amene akumutchinga kuti atembenuke.

Bambo a Tadala: Anachisale zikomo, iyeyo anamuchotsa wa kuseri kwa ntchafu. Ndiye nthawi yoyenera ndi iti?

Anachisale: Ma physio ambiri amanena miyezi 9 kupita mtsogolo, ndipo sikuti anangolota. Panali kafukufuku wa 2016 wa anthu a ku Oslo ndi ku Delaware, anatsatira osewera omwe anapangidwa opaleshoni imeneyi, anapeza kuti mwezi uliwonse womwe munthu wadikira kufikira miyezi 9, chiopsezo chovulalanso chimatsika ndi theka. Theka achimwene, mwezi umodzi wokha. Koma si kalendala yokha ayi. Amayesa mphamvu ya ntchafu, mwendo wa opaleshoni uzifika 90 pa 100 ya mwendo wabwinowo, amamudumphitsa ndi mwendo umodzi n'kuyeza mtunda mbali zonse. Akalephera pamenepo olo papite chaka samuloleza

Mayi a Chisomo: Ine za mpira sindidziwa koma ndikumva chisoni ndi mwanayo. Amabwera kudzagula mandasi Loweruka, masiku ano nkhope yagwa. Bambo a Tadala musamukalipire pomuuza, wavutika kale

Ankolo Phiri: Ana anga ndiloleni ndilankhule poti zimenezi zinandichitikira ineyo, sindinazimve kwa munthu. Ena mumandiona ndikuima pa geti ndi mwendo umodzi wopindika mumaganiza kuti ndi ukalamba chabe. Ndili ndi zaka 24 ndinkasewera fulubeki, timu ya ligi yaing'ono konkuno, abwana omwe ndinkawagwirira m'munda ndi amene anandilipirira opaleshoni, Mulungu awadalitse komwe ali. Patatha miyezi 6 anzanga anabwera kuti tili ndi fainolo, fulubeki wathu wapita kumudzi ku maliro, tangobwera udzaime mphindi 45 zokha. Ndinamanga bandeji, ndinapita. Mphindi 20 zoyamba ndinasewera bwino mpaka ndinayamba kuiwala kuti ndili ndi bondo. Kenako mpira wa m'mwamba, ndinadumpha ndekha popanda wondikankha, potera ndinamva kuti phwa, ngati munthu wathyola chinangwa chachiwisi. Sindinalire nkomwe nthawi yomweyo, ndinangokhala pansi n'kuyang'ana bondo chifukwa ndinalidziwa phokoso limenelo, ndinali nditalimvapo kale. Opaleshoni yachiwiri panalibe wolipira. Anzanga aja anandinyamula kukandisiya kunyumba, anabwera kudzandiona kawiri, basi. Lero ndili ndi zaka 47, Juni akafika ndi kuzizira kwa kuno bondo limatupa lokha, masitepe a pa Park Station ndimatsika chammbali nditagwira chitsulo. Adokotala anati mafupa akukhulana, nyamakazi inalowa kalekale. Yamikani mwana wanga ukuti wosauka sangadikire, ine ndikuti wosauka ndi amene alibe ndalama ya opaleshoni yachiwiri.

Yamikani: Pepani ankolo sindimadziwa kuti zinayenda choncho

Ankolo Phiri: Palibe kanthu mwana wanga, unalankhula pomufunira zabwino

Bambo a Tadala: Ankolo mwandikhudza. Koma ndifunsenso funso lina lomwe Dalitso amandifunsa usiku uliwonse ine n'kusowa choyankha. Akuti olo ndidikire, kodi ndidzabwereranso mmene ndinalili? Kapena mpira wanga unathera pa kapinga paja? Chifukwa akuti akaona osewera akuluakulu ena akabwerako amakhala ngati anthu ena

Gift wa ku Yeoville: Funso limeneli nde lenileni. Ndipo tisamunamize, ena sabwerera. Ine wa Man U ndinamuona Falcao. Munthu uja ku Porto ndi ku Atletico Madrid anali chilombo, anavulala mu Januwale 2014 ali ku Monaco, World Cup ya ku Brazil inamudutsa, anabwera kwathu pa loni chaka chomwecho n'kumwetsa zigoli 4 zokha sizoni yonse. Ku Chelsea chimodzi. Unkachita kuona kuti mutu ukudziwa pomwe mpira ugwere koma miyendo ikufika mochedwa. Michael Owen naye, World Cup ya 2006 gemu ya Sweden itangoyamba kumene anagwa yekha n'kukwawira kunja kwa bwalo, liwiro lake lija sitinalionenso

Che Jafali: Owen anali atayamba kale kuvutika ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu kuyambira ali kwathu ku Liverpool, si bondo lokha linamumaliza. Ndipo nkhani ya Falcao waidula pakati Gift. Anabwerera ku Monaco, sizoni ya 2016-17 anamwetsa zigoli zoposa 20 mu ligi, anatenga ligi ya France limodzi ndi Mbappé ali kamwana, anafika semi fainolo ya Champions League. Werenga bwino, anavulala 2014, anadzakhalanso Falcao weniweni 2016 chakumapeto. Zaka ziwiri ndi theka. Amene munamuona ku Man U anali munthu wothamangira kubwerera

Gift wa ku Yeoville: Apo ndavomera, anadzukadi

Che Jafali: Ndipo ndikupatseni ena. Alan Shearer anaduka mtsempha womwewu mu Disembala 1992 ali ku Blackburn, nthawi imeneyo zipangizo sizinali ngati za lero. Sizoni yotsatira zigoli 31, inayo 34 ndi chikho cha ligi, mpaka lero zigoli zake 260 palibe wazipitirira mu Premier League. Wirtz anavulala mu Malichi 2022 ali ndi zaka 18, anakhala miyezi pafupifupi 10, World Cup ya ku Qatar sanapite, atabwerako ndi amene anayendetsa Leverkusen kutenga ligi ya Germany 2024 osagonja olo gemu imodzi. Ameneyu nde wofanana ndi Dalitso, mwana, wapakati, wotembenuka ndi mpira

Gift wa ku Yeoville: Koma tikutchula okhawo omwe anabwerera chifukwa ndi omwe timawakumbukira. Omwe anazimirira mayina awo sitiwadziwanso. Zaniolo ku Roma anaduka bondo lina mu Januwale 2020, atangobwerako mu Seputembala chaka chomwecho linanso. Militão ku Madrid 2023 bondo lina, 2024 linalo. Amene amatsatira basketball akudziwa Derrick Rose, wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya ku America mu 2011 ali ndi zaka 22, anaduka mu Epulo 2012, anakhala sizoni yathunthu osasewera, atabwera bondo linalo linavulalanso. Anasewerabe zaka zambiri koma sanafikenso paja. Ndipo ameneyo anadikira, sanathamangire

Anachisale: Gift akunena zoona ndipo ndi bwino Dalitso amve mbali zonse. Madokotala omwe amatsatira matimu akuluakulu a ku Ulaya pansi pa UEFA anawerengera zimenezi, anapeza kuti pafupifupi onse omwe apangidwa opaleshoni amabwerera m'bwalo, koma patatha zaka 3 omwe anali akusewerabe pa mlingo wapamwamba womwewo anali 65 pa 100. Ndiye kuti mwa atatu, awiri amakhalabe pamwamba, mmodzi amatsika. Kudikira sikulonjeza kuti zonse zikhala bwino, koma kuthamangira kumakukankhira dala ku gulu la mmodzi uja. Za bondo linalo zomwe Gift wanena zimachitikadi kawirikawiri makamaka kwa achinyamata, munthu amateteza mwendo wa opaleshoni osadziwa, katundu yense n'kumagwera mwendo wabwino. Nchifukwa chake physio wabwino amalimbitsa miyendo yonse iwiri.

Koma ine ndimadabwa bwanji amuna inu mukuthamangira ku England ndi ku Italy pomwe chitsanzo tili nacho chathu. Mwai Kumwenda. Anaduka ACL mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, World Cup ya 2019 ku Liverpool ma Queens anapita popanda iye, ife tonse mtima unatiwawa. Ntchemberembaye ndi masewera oipitsitsa pa bondo chifukwa umathamanga n'kuima nthawi yomweyo, umadumpha n'kutera mwendo umodzi, gemu yonse ndi zomwezo. Mu 2020 Vixens inatenga chikho ndipo wosewera bwino pa fainolo anali Mwai. Mwana wa ku Mzimba. Ine tsiku limenelo ndinalira ndili ndekha m'chipinda. Mumuuze Dalitso za ameneyu

Mayi a Chisomo: Eee Mwai ndimamudziwa olo ine. Sindimadziwa kuti anadutsa mu zimenezi

Anachisale: Anadutsamo asisi. Ndipo ife azimayi ndi amene timaduka mtsempha umenewu kwambiri kuposa amuna, taonani Arsenal ya azimayi sizoni ya 2022-23, Beth Mead, Miedema, Leah Williamson onse motsatizana. Putellas wa Barcelona anaduka Euro ya 2022 itatsala pang'ono kuyamba. Ine ndikamaonera Tabitha ndi Temwa ndimangopemphera

Yamikani: Nanga Zlatan? Anavulala ali ndi zaka 35 n'kubwera patatha miyezi 7

Gift wa ku Yeoville: Anabweradi Novembala 2017 koma sanachite kanthu kwathu, magemu ochepa n'kuvulalanso, mu Malichi 2018 anapita ku LA Galaxy ndi kumene anayambanso kumwetsa. Ndi nkhani yomweyo ya Falcao, kulowa m'bwalo ndi kwina kubwerera ndi kwina. Chaka choyamba pafupifupi onse amavutika. Rodri wa Man City uja anakalandira Ballon d'Or ali pa ndodo mu Okutobala 2024, atabwerako City sinkamuseweretsa magemu onse, ankamupumitsa

Che Jafali: Poti tili m'dziko la rugby tionjezere RG Snyman, anaduka gemu yake yoyamba ku Munster mu 2020 patangotha mphindi zochepa, anabwera 2021 n'kudukanso bondo lomwelo, koma 2023 anali nawo mu timu ya South Africa pa fainolo ya World Cup ija. Pollard naye anaduka 2020 ku Montpellier, ndi amene anamenya mapointi onse 12 tsiku lomwe anagonjetsa New Zealand 12-11. Timu imodzi yomweyo anthu atatu a mabondo a opaleshoni, kuphatikiza Kolisi. Koma onsewo anali ndi owasamalira

Bambo a Tadala: Ndamuonetsa zonse zomwe mwalemba, wawerenga kawiri. Wapempha kuti ndimulowetse pa gulu alankhule yekha. A admin chonde

Che Jafali: Ndamulowetsa

Dalitso: Moni nonse akuluakulu, zikomo chifukwa cha nthawi yanu. Ankolo Phiri nkhani yanu ndaiwerenga ndipo ndilibe mawu. Pali chinthu chomwe sindinawauze achimwene. Sabata yatha ndinapita kuseri kwa sukulu komwe ana amasewera, ndinati ndingoyesa kugwira mpira pang'ono. Kamwana ka zaka mwina 12 kanabwera kudzandilanda, ndinafuna kutembenukira kumanzere ngati mmene ndimachitira, mwendo unakana wokha. Sunapweteke, sunagwedere, koma thupi linangouma ndinasiya mpira kamwana n'kutenga. Ndinabwerera kunyumba osauza munthu. Usiku ndimaganiza kuti ndikauza kochi zimenezi aziti ndine wamantha, ndikapanda kupita atenga wina pa malo anga. Ndinasiya sukulu kumudzi chifukwa cha mpira, mayi anagulitsa mbuzi kuti ndipeze ya basi. Nde ndikamva kuti dikira mpaka Disembala ndimaona ngati ndikuwapusitsa anthu onse

Ankolo Phiri: Mwana wanga si mantha amenewo, mwendo wakuuza zoona. Wanga unandiuzanso chimodzimodzi pa treni sabata ya fainolo ija isanafike, ndinaukakamiza

Anachisale: Dalitso mwana wanga wachita bwino kunena. Zimenezo ma physio amazidziwa ndipo amazifunsa, mutu umayenera kulikhulupiriranso bondo, ndipo ambiri omwe sabwerera ku masewera chimawaletsa ndi mantha ovulalanso osati bondo lenilenilo. Zimatha ndi kuphunzira pang'onopang'ono, kutembenuka uli wekha poyenda, kenako pothamanga pang'ono, kenako ndi mpira, kenako ndi munthu yemwe mwagwirizana kuti sakugunda, gemu imabwera kumapeto kwenikweni. Iwe wadumpha masitepe onsewo n'kukayamba ndi la pamwamba. Tandiuza, ukakhala pa mpando wa kukhitchini ungadzuke ndi mwendo wa opaleshoni wokha, manja uli utapinda pachifuwa? Yesa pano, kenako uyese ndi winawo, uwerenge kangati. Achimwene ako aime pafupi

Dalitso: Wabwino ndadzuka ka 19. Wa opaleshoni ka 7 ndipo bondo limalowa mkati ndikamadzuka, achimwene akuti likunjenjemera

Anachisale: Basi yankho ndi limenelo, sitikufunikanso kukangana. 7 pa 19 sipafika olo theka, pomwe pakufunika 9 pa 10. Ndipo kulowa mkati kumeneko ndi mmene ACL imadukira, bondo kugwera mkati phazi litaponda. Ukapita kwa physio ukamuuze manambala amenewa ndi za kamwana kaja, usakabise, umufunse akupatse zochita za mwezi wathunthu ndipo akuuze yekha tsiku lomwe angakuyeze kudumpha. Mawu omaliza ndi a iyeyo ndi dokotala, osati ife kapena kochi

Che Jafali: Bwera ku shopu kuno ku Mayfair mawa ndikuyeze ntchafu ndi tepi yanga. Ndakhala ndikuyeza miyendo ya anthu zaka 20, sentimita imodzi sindiiphonya. Tiziyeza mwezi uliwonse malo omwewo n'kulemba kuseri kwa buku la maoda, uziona wekha ikukula

Yamikani: Ine ndabweza mawu anga aja. Dalitso aise pepa. Komwe ndimagwira ntchito ku Randburg kuli jimu yomwe abwana amatilola kulowa ndi munthu mmodzi m'mawa isanadzaze, kuli njinga ndi makina okankha ndi miyendo aja. Lachiwiri ndi Lachinayi 6 koloko ndizikutenga, ungobwera ndi pepala la physio tizitsatira limenelo osati za m'mutu mwathu

Gift wa ku Yeoville: Za kochi, achimwene ndi amene amuimbire osati mwana. Mwana sangakane mkulu. Mumuuze kuti adokotala sanamulole, mumupemphe kuti Dalitso azibwerabe ku treni kudzakhala ndi anzake olo kutolera mipira kuti nkhope isaiwalike. Odzaona osewera amabwera chaka chilichonse, ndipo akamuona mwezi wamawa akuthawa mpira ngati anachitira kwa kamwana kaja adzamulemba kuti sangathe, dzina n'kuipa pachabe

Mayi a Chisomo: Ya transipoti yopita kwa physio tisonkhe abale kuti azipita sabata iliyonse olo kwa wolipira kamodzi pamwezi. Ine ndayamba ndi R50, ndipereka kwa Bambo a Tadala Lamulungu ku tchalitchi

Ankolo Phiri: Ine R100 malipiro akalowa pa 25

Bambo a Tadala: Abale ndilibe mawu, Mulungu akudalitseni. Kochi ndamuimbira pompano. Poyamba anakwiya, akuti osewera ena amabwera pa miyezi 6, ndinamuuza za 7 ndi 19 zija anakhala chete kenako anati chabwino abwere Januwale pa pre-season koma malo sindikulonjeza. Ndavomera. Mayi ndiwaimbira ndekha madzulo ano ndiwafotokozere, Dalitso asavutike nazo

Dalitso: Zikomo nonse. Che Jafali ndafika ku shopu kwanu m'mawa uno munali mutatuluka, anyamata anu anandiuza kuti ndidikire

Che Jafali: Ndinapita ku Fordsburg kukagula ulusi, tayezana tsopano. Wabwino 54, wa opaleshoni 50 ndi theka, masentimita 15 kuchokera pamwamba pa bondo. Ndalemba ndi deti la lero. Tiyezanso pa 20 mwezi wamawa

Anachisale: Sungani bukulo Che Jafali, tsiku lokaonana ndi dokotala adzalitenge. Yamikani mawa musayambe ndi zitsulo zolemera, njinga kaye mphindi 10, ndipo bondo likatupa madzulo mundiuze musanapitenso Lachinayi

Yamikani: Chabwino asisi. Dalitso ndikupeza pa renki ya mataxi 5:30, ubwere ndi thawulo ndi botolo la madzi